Mayeso olowera sukulu ya malamulo: ndiwerenge chiyani kwenikweni?

NaphiriWaBangwe
Moni nonse pagulu pano. Ndine mphunzitsi wa kusekondale kuno ku Blantyre, ndili ndi digiri ya uphunzitsi, koma mtima wanga wakhala uli ku malamulo kuyambira kalekale. Chaka chino ndatsimikiza zolemba mayeso olowera ku Law. Chikundizunguza mutu n'choti aliyense amene ndamufunsa akundiuza zake. Wina akuti ndiloweze Malamulo oyendetsera dziko kuyambira gawo 1 mpaka kumapeto. Wina akuti ndizigula nyuzipepala tsiku ndi tsiku. Winanso akuti ngati sindilipira makalasi apadera ndisadzivute n'komwe. Nthawi ndilibe yokwanira: ndikaweruka kuntchito, kunyumba kumakhala ana awiri ndi mulu wa makope oti ndichonge. Amene munalembapo kapena mukukonzekera, ndithandizeni. Ndiwerenge chiyani kwenikweni?

Ndirande_Makata
Achemwali, lowezani Constitution basi. Mukufuna uloya, ndiye akufunsani chiyani china?

MwanaWaChanco
Ayi achimwene, musawasocheretse mayiwa. Malamulo oyendetsera dziko ali ndi magawo oposa 200. Munthu wa ana awiri ndi makope aloweza liti zonsezo, ndipo akaloweza apindula chiyani? Mayeso olowera amakhala ofuna kuona ngati munthu angathe kuphunzira malamulo, osati ngati akuwadziwa kale. Akanakhala kuti akufuna odziwa kale bwenzi sukuluyo ilibe ntchito.

Mayi Naphiri, zimene ofunsa amasaka mwa inu ndi izi: kodi mungawerenge ndime yaitali, yolimba, ya Chingerezi, n'kutola mfundo yake yeniyeni osawonjezerapo zam'mutu mwanu? Kodi mungaone pomwe mfundo ya munthu yapunduka? Kodi mungalembe chimangirizo chokhala ndi mbali imene mwaima, nthawi isanakuthereni? Kudziwa zochitika m'dziko kumathandiza, makamaka pa chimangirizo ndi pa intavyu, koma n'chothandizira chabe. Poyambira penipeni, pezani chilengezo cha chaka chino cha sukulu imene mukufunayo, muwerenge zofunika zonse, masiku ake ndi malo olembera. Musadalire zimene munthu analemba zaka zisanu zapitazo.

Ndirande_Makata
Ndiye mukutanthauza kuti munthu apite ku mayeso a malamulo osadziwa ngakhale gawo limodzi? Zimenezo ine ayi.

MwanaWaChanco
Sindinatero. Awerenge Mutu 4 wokamba za maufulu, aumvetse. Awerenge gawo 5 lomwe likunena kuti lamulo lililonse losemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko ndi lopanda mphamvu. Adziwe ntchito za nthambi zitatu za boma. Kumvetsa ndi kuloweza n'zosiyana.

AgogoAKuChichiri
Mwana wanga Naphiri, ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti mpaka kupuma, ndipo ndaona maloya achinyamata ambiri akuima koyamba pamaso pa jaji. Ndikupatse kafunso, uyankhe usanawerenge mayankho a ena. Aliyense amene wapezeka ndi katundu wakuba amamangidwa. Mnyamata wina wa ku Mbayani wamangidwa dzulo. Kodi tinganene kuti anapezeka ndi katundu wakuba?

KabazaWaChirimba
Eya agogo, nanga amumangiranji?

NaphiriWaBangwe
Agogo, ndikuona ngati ayi. Mwanena kuti opezeka ndi katundu wakuba amamangidwa, koma simunanene kuti ndi okhawo amene amamangidwa. Mwina mnyamatayo anamenya munthu, mwina anayendetsa galimoto alibe laisensi.

AgogoAKuChichiri
Wakhoza, mwana wanga. Ndipo achimwene a kabaza musachite manyazi, anthu ambiri ophunzira amagwa pomwepo. Mutu wa munthu umathamangira kudzaza mpata ndi zimene unazolowera kumva. Ntchito yonse ya malamulo ndi kuuletsa mutu kuthamanga. Wapatsidwa mfundo ziwiri, yenda ndi ziwiri zomwezo, usabwereke yachitatu kumudzi kwanu.

Nali lina lolemererapo. Munthu akulemba m'nyuzipepala kuti: chiikireni magetsi a mumsewu m'dera lathu, milandu yakuba yokanenedwa kupolisi yachuluka, choncho magetsi a mumsewu amachulukitsa umbava. Mfundo imeneyi ungaigwetse bwanji? Sindikufuna uti "zabodza zimenezo". Ndikufuna undionetse pomwe yathyokera.

Zingwangwa_Nambewe
Ndiyesereko. Chomwe chachuluka ndi milandu yokanenedwa, osati kuba kwenikweniko. Mwina kale anthu ankaberedwa mumdima osamuona wakubayo, ndiye ankaona kuti kupita kupolisi n'kutaya nthawi. Pano akumuona nkhope, akupita kukanena.

Chilomoni77
Kapenanso mwezi womwewo anatsegula polisi yaing'ono pafupi, anthu sakuyendanso mtunda wautali. Kapena m'deralo mwabwera anthu ambiri atsopano. Zinthu ziwiri kuchitika nthawi imodzi sizitanthauza kuti china chabereka chinzake.

AgogoAKuChichiri
Nonse awiri mwalasa. Tsono Naphiri, nyuzipepala zimene akukuuza kuti uzigulazo, ntchito yake ndi imeneyi. Usamawerenge kuti ungodziwa kuti nduna yakuti yanena chakuti. Tenga tsamba la ndemanga za mkonzi mu The Nation kapena The Daily Times, udzifunse kuti: wolembayu akufuna ndikhulupirire chiyani? Wandipatsa zifukwa ziti? Nanga ndi chiyani chimene wangochiyesa choona osachitchula? Ndemanga imodzi patsiku, yowerengedwa motere, iposa nyuzipepala zisanu zongoyendetsamo maso. Ndipo sufunika kugula tsiku lililonse, ku laibulale ya National Library m'tauni zimapezeka, ngakhale kusukulu kwanu komweko ndikhulupirira imabwera.

LimbeMarketFC
Koma anthu inu mukulimbikirana uloya chifukwa chiyani? Dziko lino maloya ndi amene akutidyera. Malume anga anamenyera malo awo zaka zambirimbiri, loya wawo amangoti mlandu wasunthidwa, bweretsani ina ya mafuta. Mpaka anamwalira chigamulo chisanatuluke. Mayi, khalani pa uphunzitsi, ndi ntchito yodalitsika.

Zingwangwa_Nambewe
Pepani ndi za malume anu, zimenezo n'zowawa ndipo si inu nokha. Koma loya wochita zachinyengo ali ndi kokamunenera, a bungwe la maloya la Malawi Law Society amalandira madandaulo. Komanso kuli a Legal Aid Bureau omwe amaimira anthu osowa ndalama. Vuto ndi loti ndi ochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Ndiye tikawaletsa anthu a mtima wabwino ngati mayiwa, otsalawo adzakhala ndani?

LimbeMarketFC
Onse amayamba ndi mtima wabwino, achemwali. Akavala mkanjo wakuda uja amasintha.

KabazaWaChirimba
Ine chimene chimandipweteka ndi Chingerezi cha kukhoti. Mnzathu wina anagwidwa ndi nkhani ya njinga, tinapita kukamuperekeza. Majisitireti Mmalawi, wapolisi woimira boma Mmalawi, woimbidwa mlandu Mmalawi, koma nkhani ikudutsa mwa womasulira. Munthu akumva za moyo wake kudzera mwa munthu wina.

AgogoAKuChichiri
Nkhani imeneyo ndi yaikulu, achimwene, ndipo ine ndaona ndi maso anga mboni ikunena china, zolembedwa n'kutuluka zosiyanako pang'ono. Tsiku lina tidzaitsegulire mutu wakewake. Koma ikutibwezera kwa Naphiri: malamulo athu analembedwa m'Chingerezi, zigamulo zimalembedwa m'Chingerezi, mayesonso ndi a Chingerezi. Osati cha pa Facebook ayi, koma cha ziganizo zitalizitali zokhala ndi "pokhapokha", "kupatula ngati", "malinga ngati" mkati mwake. Ameneyo ndiye mdani woyamba.

LoyaWaGinneryCorner
Ndalowa mochedwa koma ndiloleni ndiyankhe mwatsatanetsatane, chifukwa inenso ndinalowa Law ndili kale pantchito ndi banja.

Mayi Naphiri, njira imene ndimalangiza aliyense ndi kuwerenga chigamulo chenicheni cha khoti, chimodzi pa sabata. Zilipo zaulere pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII, mukhoza kutsitsa pafoni n'kuwerenga mu minibasi. Musayambe ndi cha zisankho cha pa 3 February 2020, n'chachitali kwambiri, masamba mazanamazana, chikufooketsani. Yambani ndi mlandu wa Gwanda wa mu 2017, nkhani yake ndi ya kuno kwathu konkuno. Bamboyo anali venda, anagwidwa ndi apolisi m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu pansi pa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake. Gawolo linkalola kumanga munthu wopezeka pamalo ndi pa nthawi yopangitsa wina kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa. Khoti Lalikulu linagamula kuti gawolo likusemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko.

Tsono musangowerenga kuti mudziwe amene anawina. Tengani pepala, mulembe ndi mawu anuanu zinthu izi. Chinachitika n'chiyani, m'mizere yosaposa isanu. Funso limene khoti linafunika kuyankha linali lotani, m'chiganizo chimodzi. A boma ankati chiyani poteteza lamulolo. Apa ndi pomwe ambiri amathawa, chifukwa mtima umakhala uli kale kwa vendayo. Koma boma linali ndi mfundo yake: apolisi amafunika mphamvu zopewera umbava usiku. Ilembeni mfundoyo mwamphamvu ngati kuti ndinu loya wa boma. Kenako muone mmene majaji anaiyezera ndi gawo 44, lomwe limafotokoza nthawi imene ufulu wa munthu ungachepetsedwe: kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, kukhale koyenera, kovomerezeka pa mfundo za maufulu za dziko lonse lapansi, komanso kofunikadi m'dziko la demokalase. Mudzaona kuti vuto la lamulo la vakabu linali kusamveka bwino kwake. Munthu sakanadziwa kuti achite chiyani kuti asaliphwanye, zonse zinkadalira maganizo a wapolisi amene wakumana naye.

Mukachita zimenezi ndi zigamulo zingapo, mudzakhala mwaphunzira Chingerezi cholimba, kufupikitsa nkhani, kuona mbali zonse ziwiri, ndiponso magawo a Malamulo oyendetsera dziko adzakhazikika okha m'mutu chifukwa mwawaona akugwira ntchito. Wotsatira mutenge wa Kafantayeni wa mu 2007, womwe unathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu azingolamulidwa kuphedwa jaji osaunika mmene zinakhalira.

NaphiriWaBangwe
Bambo, zikomo kwambiri. Ndalemba zonse m'kope. Za kulemba mbali ya boma mwamphamvuzo zandigwira mtima, chifukwa ndikudziwa kuti ndikanangoilumpha.

Ndirande_Makata
Komabe a Loya, gawo 44 mwalitchulalo mwalitulutsa m'mutu. Si kuloweza kumeneko?

LoyaWaGinneryCorner
Lili m'mutu chifukwa ndaligwiritsa ntchito kambirimbiri, achimwene. Njira ya ku Makata simunaiphunzire pa mapu, munaiyenda.

MachinjiriArea5
Ine ndinenepo za makalasi apadera omwe mayiwa anatchula aja. Ena amawanyoza, koma ine anandithandiza. Pandekha ndinkangoti ndiyamba mawa, ndiyamba mawa. Nditalipira, ndalama ija inkandiwawa, ndinkadzuka Loweruka lililonse. Komanso kunali munthu wondichongera chimangirizo. Wekha sungaone kuti ndime yako yachitatu ikutsutsana ndi yoyamba.

Chilomoni77
Inu munapeza abwino. Ine ndinalipira kwa munthu wina amene ankalengeza pa WhatsApp kuti ali ndi mafunso otuluka. Anatipatsa mapepala ofotokopa osaoneka bwino, theka lake mafunso a mayiko ena, mayankho ena olakwika. Sabata yachitatu nambala yake inasiya kupezeka. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi pepala lenileni, thawani. Ngakhale litakhala lenileni, mukufuna kuyamba ntchito ya malamulo ndi kuba mayeso?

MwanaWaChanco
A Machinjiri akunena zoona pa chinthu chimodzi: wokuchongera amafunika. Koma safunika kukhala wolipidwa. Mayi Naphiri ali pa sukulu, pali mphunzitsi wa Chingerezi mu staff room momwemo. Kapena anthu atatu anayi okonzekera limodzi, kusinthana mapepala.

MalawianKuLeeds
Moni kumudzi. Ndiponyeko za kunja, mwina wina pagulu pano akuganiza zokaphunzira kunja. Ku America amalemba mayeso olowera otchedwa LSAT, ndipo kumeneko malamulo amaphunzira munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. Malikisi ake amayambira 120 kulekeza 180, chigawo chilichonse ndi mphindi 35. Kuyambira August 2024 anachotsamo chigawo chija chotchedwa logic games, ndiye ngati mwagula buku lakale pa Limbe musataye nthawi ndi masamba amenewo ngati cholinga chanu ndi LSAT. Kuno ku UK mayunivesite ena amafuna mayeso otchedwa LNAT: mafunso 42 osankha yankho m'mphindi 95, kenako chimangirizo cha mphindi 40. Onse awiriwa safunsa lamulo lililonse. Amakupatsa ndime, iwe uganize.

Chifukwa chake ndikuti ngakhale mukulemba a kumudzi konko, mafunso oyeserera a LSAT ndi LNAT omwe ali aulere pa intaneti ndi abwino ponolera mutu. Ali ngati aja afunsa agogowa.

Ndirande_Makata
Za ku America zitithandiza chiyani ife a ku Ndirande? Ndime zake zimakamba za zinthu zomwe sitinazionepo.

MalawianKuLeeds
N'chifukwa chake zili zabwino, achimwene. Ukapatsidwa ndime ya nkhani yomwe suidziwa, sungabere pogwiritsa ntchito zomwe unamva kale. Umakakamizika kuyankha kuchokera pa zomwe zalembedwa basi.

LoyaWaGinneryCorner
Ndikugwirizana nazo, koma ndiwonjeze chenjezo kwa ofuna kupita kunja. Digiri ya malamulo ya kunja siikupatsani chilolezo choimira anthu m'makhoti a kuno tsiku lomwe mwatsika ndege. Kuli Malawi Institute of Legal Education, kuli mayeso ake, kenako kulandiridwa ndi khoti. Ngakhale kuno komwe, musanalipire fizi pa sukulu iliyonse, fufuzani ngati pulogalamu yake ya malamulo ndi yovomerezeka. A National Council for Higher Education amatulutsa mndandanda. Ndaona anthu akulira atatha zaka zinayi.

Zingwangwa_Nambewe
Tibwerere ku nthawi, chifukwa ndi pomwe mayiwa anadandaula ndipo palibe wayankha bwino. Ine ndine namwino, ndimagwira mashifiti, ndikukonzekeranso mayeso omwewa. Chimene ndapeza n'choti usiku sizitheka. Ukamaliza kuphika, kusambitsa ana, mutu watha, nthawi zina magetsi azimanso. Ndimadzuka 4 koloko m'mawa, ola limodzi, nyumba ili zii. Masiku ena ndime ndi mafunso ake, masiku ena ndemanga ya m'nyuzipepala. Loweruka ndimalemba chimangirizo chimodzi, foni ndatchera alamu ya mphindi 40, ikalira ndimaika cholembera pansi ngakhale chiganizo chili pakati. Poyamba ndinkathera theka la nthawi pa mawu oyamba okha, kufufuta, kuyambiranso. Pano mphindi zisanu zoyamba sindilemba chimangirizocho ayi, ndimangolemba m'mphepete mbali imene ndaima, zifukwa zitatu, ndi mfundo imodzi yamphamvu ya otsutsa yomwe ndiyenera kuiyankha. Ndipo muzilemba ndi dzanja, Mayi Naphiri. Tinazolowera foni, dzanja limatopa msanga kuposa mmene mukuganizira.

NaphiriWaBangwe
Achemwali, za 4 koloko ndiyesa kuyambira Lolemba. Nanga mitu ya chimangirizo mumaitenga kuti?

Zingwangwa_Nambewe
Ndimapanga ndekha kuchokera pa zomwe anthu akukangana. Kodi chilango cha imfa chithetsedwe? Kodi mafumu azikhala ndi mphamvu zoweruza milandu ya malo? Kodi kusintha kwa mu 2017 kokweza zaka zolowera m'banja kufika 18 kwathetsa maukwati a ana, ndipo ngati ayi, lamulo palokha lingathe chiyani? Kodi mavenda achotsedwe m'misewu ya Limbe? Umenewu ndi wovuta kuposa mmene ukuonekera, chifukwa wina akufuna kudyetsa ana, wina akufuna kuyenda pamsewu osagundidwa ndi minibasi, ndipo wa shopu amene amalipira lendi ndi msonkho nayenso ali ndi dandaulo lake.

LimbeMarketFC
Mavenda musawakhudze. Mumsika mulibe malo, ndipo kasitomala salowa mkati.

MachinjiriArea5
Mwaona, a Limbe ayamba kale chimangirizo. Zifukwa ziwiri zilipo, chatsala n'kuyankha wa shopu uja.

LimbeMarketFC
Wa shopu amaoda katundu wambiri pamtengo wotsika, venda amaoda kwa iye yemweyo. Akudandaula chiyani?

AgogoAKuChichiri
Imeneyo ndi mfundo, achimwene, ndipo mwaiyankha bwino kuposa mmene munayankhira za maloya. Naphiri, chinanso: nthawi ya holide upite ku Chichiri ukakhale m'khoti m'mawa umodzi. Milandu yambiri ndi yotseguka kwa aliyense, uvale mwaulemu, foni uzimitse, ukalowa uwerame pang'ono kuloza kwa jaji, ukhale kumbuyo. Ukamvetsere makamaka pempho la belo. Ukamva loya akutchula gawo 42 ndi maola 48 omwe munthu womangidwa ayenera kukhala atafikitsidwa kukhoti, ukamvanso wa boma akufotokoza chifukwa chake munthuyo asatuluke, kenako jaji akuyeza zonse ziwiri. Pa intavyu akadzakufunsa chifukwa chimene ukufunira malamulo, udzakhala ndi chinthu chimene unachiona wekha. Ambiri amangoti "ndikufuna kuthandiza osauka", ofunsawo anatopa nawo mawu amenewo.

MwanaWaChanco
Pa intavyu pomwepo ndiwonjeze. Akakutsutsani, si kuti mwalakwa. Nthawi zambiri amafuna aone ngati mugwa ndi kamphepo kochepa, kapena ngati muuma khosi ngakhale atakuonetsani umboni. Mukaona kuti mfundo yawo ndi yoona, vomerani gawo limenelo, kenako munene chimene chatsalabe chilili pa mfundo yanu. Ndipo mbiri ya dziko lino muidziwe: referendamu ya pa 14 June 1993, Malamulo atsopano a 1994, chigamulo cha 2020 ndi nkhani ya 50+1, chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020. Osati masiku okha, koma chifukwa chake chilichonse chinali chofunika.

Ndirande_Makata
Chabwino, ndamva. Koma Mutu 4 wokha ine ndiuloweza ndithu, wina asandiletse.

LoyaWaGinneryCorner
Palibe akukuletsani, achimwene. Mukamaliza mubwere, tikupatseni nkhani ya munthu wogwidwa Lachisanu madzulo, mutiuze kuti maola 48 akwana liti ndipo gawo 42 likuti chiyani akathera pa tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito.

NaphiriWaBangwe
Ndatsitsa chigamulo cha Gwanda, ndawerenga masamba oyambirira pa nthawi ya buleki. Mawu ena ndi olimba, ndawalemba pambali. Achemwali a ku Zingwangwa, kodi tingamasinthane zimangirizo Loweruka? Ine ndilemba wa mavenda uja, mbali ya khonsolo, popeza mtima wanga uli kwa mavenda. A Machinjiri ndi a Chilomoni ngati mukufuna tikhale anayi.

Chilomoni77
Ndilipo. Ine nditenga mbali ya mavenda kuti tidzayerekeze. Tijambule mapepala ndi foni titumizirane isanakwane 6 koloko madzulo.

Zingwangwa_Nambewe
Loweruka lino ndili pa shifiti ya masana, changa chifika cha m'ma 8 usiku. Mphindi 40 zokha, osabera nthawi. A Loya, mungatiwerengereko chimodzi mwa zinayizo?

LoyaWaGinneryCorner
Tumizani cha Mayi Naphiri ndi cha a Chilomoni pamodzi, ndidzaziwerenga Lamulungu ndikachokera kutchalitchi. Mulembe mizere yotalikirana kuti ndipeze polemba ndemanga.